Mmene Yadollah Anajambulidwira

Yadollah anagulitsa mavwende pabwalo lalikulu la mumzinda wa Isifahani zaka makumi atatu, pafupi ndi chipata cha mzikiti, ndipo omulabadira anali ntchentche zokha. Tsiku lina kunabwera mzungu wojambula ndi utoto, n'kumulozera ndi manja kuti asachoke pamalo pakepo.

Atazindikira kuti akufuna kumujambula, Yadollah anakabwereka mkanjo kwa mlamu wake, anadaya ndevu, n'kuima padzuwa masiku atatu atatukumula chifuwa ngati nduna ya mfumu. Ogula akayandikira ankawakalipira: "Tapitani uko, mukunditchinga!"

Chithunzi chitatha, anatenga mkazi wake Zarrin kuti akaone ulemererowo. Mzikiti unaoneka bwino zedi, mpaka timaluwa tapakhoma. Panalinso ngamila ziwiri zomwe sizinapondepo pabwalopo. Yadollah anali pakona, wochepa ngati nyemba, atawerama n'kumakanda mwendo.

"Koma ndiye mwatchukatu, bambo," anatero Zarrin. "Ulaya yense adziwa kuti muli ndi mphere."

"Za luso iwe uzidziwira kuti?" anayankha mwamunayo.

Mavwende anawapeza atawola. Komabe mpaka imfa yake, ankauza aliyense wogula kuti mafumu akunja amamudziwa nkhope.