Lilime la Magret wa ku Pamtsetse

Ku Migowi ukatchula dzina la Magret Nampuntha, achikulire amayamba ndi kuseka, kenako n'kukuuza kuti ndi mayi uja anachititsa amuna a msika wonse kuguba pamsewu kupempha kuti mowa ukwere mtengo. Inde, ukwere, osati utsike. Ndipo anaguba masanasana, asanalaweko ngakhale dontho.

Magret anabadwira ku Kaduya, kwa mayi wofulula masese amene mbiri yake inkafika kuseri kwa phiri la Michesi. Anakula akuyanika chimera ndi kusonkhezera moto pansi pa diramu, ndipo anaphunzira lamulo limodzi lomwe pakhomopo silinkaphwanyidwa: mwini mowa ndiye amayamba kulawa pamaso pa anthu, kuti aliyense aone kuti m'chikhomo mulibe choipa. Atakula anakwatiwa ndi msodzi wa matemba ku Chilwa. Nyanja itauma mu 1995, bamboyo anati akupita ku Mozambiki kukafuna nsomba, ndipo mpaka lero akuzifunabe. Magret anamanga mtolo, kutsogoza ana ake awiri, ulendo wa ku Migowi kukasaka ntchito.

Anaipeza ku thaveni ya Pamtsetse. Mwini wake, a Cornelius Makina, anali ndi mathaveni asanu a dzina lomwelo m'boma lonse la Phalombe, ndipo pakhoma la thaveni iliyonse analembetsa zilembo zazikulu ngati mwana: KUNO MTENGO SUKWERA. Mowa ankafululitsa kunyumba kwawo n'kumautumiza m'madiramu pa pikapu. Chikho cha ku Pamtsetse chinkatsika ndi kwacha yathunthu poyerekeza ndi kwina kulikonse, ndiye wakabaza, wonyamula matumba, wogula nandolo, onse ankathera kumeneko.

Komatu zotchipa zili ndi mwini wake amene amazilipira, ndipo ku Pamtsetse ankalipira ndi antchito. Magret ankafika mame asanaume, kusesa, kutsuka zikho, kutunga madzi pa mjigo mitsuko isanu ndi umodzi, kenako kuimirira kuseri kwa kauntala mpaka kutseka. Tchuthi? A Makina ankati mmero wa munthu sudziwa Sabata. Chikho chikasweka, wolakwa ndi wantchito, ngakhale waswa ndi kasitomala. Malipiro ake, abale, ongokwana ufa, sopo ndi kachipinda ka lendi kuseri kwa chigayo. Koma ufawo unkapezeka, ana ankapita kusukulu atasamba, ndipo kwa Magret zimenezo zinali zazikulu. Ntchitoyo ankaikonda ndithu. Aliyense wolowa pakhomo anali mlamu wake, ndipo amene wachedwa kubwerera kwa mkazi wake ankamuthamangitsa ndi tsache uku onse akuseka.

Chimene chinamutchukitsa ndi mwambo wa kwawo uja. Palibe anamutuma. Kungoti kwa iye kupatsa munthu mowa wosalawa kunali ngati kupereka moni ndi dzanja lamanzere. Diramu yatsopano ikatsegulidwa, ankatunga pang'ono, kupsontha kamodzi kokha, kutsinzina. Thaveni yonse zii, ngakhale a bawo kuimitsa dzanja m'malere. Akagwedeza mutu n'kufuula kuti, "Otheka!" umene ndi mowa pa Chilomwe, m'manja munkalira ngati pa ukwati. Iye sanali wakumwa ayi, kupsontha kumodziko kunali kokwanira. Koma anthu ankalambalala mathaveni awiri a m'njira kuti adzamwe chimene khosi la Magret lavomereza.

Ndiye kunabwera chaka cha 1998, kwacha n'kugwa chagada. Chimanga chinakwera, shuga anakwera, mafuta a galimoto osanena. Mathaveni ena onse anakweza mtengo. A Makina, munthu wamakani ngati mbuzi ya pachingwe, anayang'ana zilembo zawo zija n'kulumbira kuti bola kufa kusiyana ndi kuzifufuta.

Tsiku lina la msika pikapu inafika m'mamawa. Hector, kapitawo amene ankayenda ndi madiramu, anakokera Magret pambali.

"Mayi, lero mungogwedeza mutu basi," anatero monong'ona. "Abwana ati wolankhula zambiri atenge zake azipita. Ofuna ntchito ali mbwee panjapa."

Magret sanafunse chifukwa. Atangotsegula diramu, mphuno inamuuza zonse. Mowa weniweni umakulonjera usanaweramire, koma uwu unangoti duu. Thaveni inali itadzaza kale, amuna atagulitsa nandolo, maso onse ali pa iye. Anaganiza za kachipinda kuseri kwa chigayo. Anaganiza za ana ake akubwerera ku Kaduya opanda munda. Kugwedeza mutu n'chiyani kodi? Si nkhuku imagwedeza tsiku lonse osaimbidwa mlandu?

Anatunga, anapsontha, anatsinzina. Mayo ine, madzi enieni! Anayesa kugwedeza, khosi linakana.

"Bwanji mlamu, khosi lauma?" anafunsa a Amosi, wogula nandolo wa mimba yaikulu, amene mawu awo ankamveka mpaka pa siteji ya minibasi.

Magret anatsegula maso. "Abale anga, sindinakunamizenipo chiyambire. Awa ndi madzi amene anangodutsa pafupi ndi chimera."

"Vulani epuloni!" anakuwa Hector. "Ntchito yatha pompano!"

Anavula, kuipinda bwinobwino, kuiika pa kauntala, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango panja. Kumeneko analira, ndipo osati pang'ono. Anachita mantha, anadzitukwana yekha chifukwa cha pakamwa pake, anafunsa Mulungu kuti ana adya chiyani mwezi wa mawa.

M'katimo Hector anagwira yekha chotungira n'kuyamba kuitanira. Palibe anagula. Palibenso anatuluka. Musaiwale kuti inali nthawi ya matipate, aliyense anali atalawa msonkhano, ndipo munthu ukangomuputa ankafunsa za ufulu wake. A Amosi anakwera pa benchi, benchi n'kulira.

"Anzanga, walira mvula walira matope. Tinkakonda zotchipa, lero zatibweretsera mjigo m'chikho. Tsono tivote. Ofuna madzi pa mtengo wakale, manja m'mwamba!"

Dzanja silinakwere ngakhale limodzi.

"Ofuna kuwonjezera kwacha, mowa ukhale mowa, mlamu wathu abwerere pa kauntala?"

Manja anakwera onse, ena awiriawiri, ndipo mkulu wina wosamva bwino anakweza ndi ndodo yomwe. Anang'amba katoni ya sopo, kulemba ndi khala kuti KWEZANI MTENGO, n'kuuyatsa ulendo wozungulira msika akuimba. Amayi ogulitsa tomato anaseka mpaka kugwira nthiti. Mmodzi wa iwo anafuula kuti, "Bambo a kunyumba, mchere utakwera munali kuti?" Mwamuna wake anangobisala kuseri kwa katoniyo, osasiya kuimba.

Uthenga unawapeza a Makina ku boma kuti ku Migowi kwavuta. Anafika chakumasana, thukuta kamukamu, akuganiza kuti apeza thaveni ili phulusa. M'malo mwake anapeza makasitomala awo atakhala pakhonde, kukhosi kuli gwa, akufuna kulipira zambiri.

"Kodi mwapenga?" anafunsa. "Ine ndikukumverani chisoni, inu mukundiguba? Mowa wanga ulibe vuto. Vuto ndi mayi wamwanoyu."

Apa Magret anadzuka pansi pa mango paja. Ntchito inali itapita kale, ndiye akanaopanso chiyani? Anapukuta maso ndi chitenje, kulowa m'kati, kutunga chikho chodzaza, n'kubwera nacho ndi manja awiri atanyonyomala mwaulemu.

"Bwana, kwathu wolawa amakhala mwini mowa. Zaka zonsezi ndakhala ndikukulawirani ine. Lero lawani nokha, anthu aone."

Ha! Kukana kukanatanthauza kuti m'chikhomo muli choipa, ndipo ku Phalombe mbiri yotere siichoka ndi sopo. A Makina analandira. Anamwa. Anameza movutikira ngati akumeza kwinini. Anasuzumira m'chikhomo nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa kapitawo wawo, nkhope itachita tsinya.

"Iwe Hector, ine ndinati zidebe ziwiri. Wathira zingati?"

Anazindikira mawu atatuluka kale. Khonde lonse linaphulika. A Amosi anagwa pa benchi, wakabaza wina anagubuduka m'fumbi, Hector akuyesa kufotokoza kuti chidebe chachitatu chinali chaching'ono. A Makina anaima kakasi, kenako mapewa anayamba kugwedezeka, nawonso n'kuseka mpaka misozi. Analamula kuti diramuyo akaikhuthulire m'ngalande, zilembo za pakhoma azipake laimu, ndipo mawa kubwere mowa weniweni pa mtengo watsopano. Anthu anavina ngati amva kuti mtengo watsika.

Magret yekha sanavine. Za iye palibe chinali chitanenedwa. Anaima pambali manja ali kumbuyo, ndipo a Makina atamuyang'ana, kuseka kuja kunali kutawathera.

"Mayi, mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu. Pa kauntala iyi simuimanso."

A Amosi anayamba kale kukweranso pa benchi.

"Khalani pansi a Amosi, muthyola katundu wanga! Ndikuti pano saimanso chifukwa mathaveni ndili nawo asanu, lilime lotere ndili nalo limodzi. Kuyambira Lolemba azikwera pikapu. Diramu iliyonse azitsegula iyeyu, kulikonse, anthu akuona. Akakana, ibwerere."

Magret anangoti khwe pansi, n'kuyamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi, amayi a tomato akumuimbira nthungululu.

Ntchito imeneyo anaigwira zaka zisanu ndi zinayi, malipiro atakwerako ndithu, ndipo madiramu amene anawabweza pa zaka zonsezo ndi anayi okha, pakuti ofulula ankachita kumuopa ngati woyeza maphunziro. Koma iye mukamufunsa tsiku limene amalikumbuka, sanena za kuguba kuja ayi. Amanena za Lolemba loyamba. Anavala chitenje cha kutchalitchi, dalaivala anamutsegulira chitseko cha kutsogolo, Hector n'kukwera kumbuyo kukakumbatira madiramu. Pikapu ikudutsa pa sukulu ya pulayimale nthawi ya buleki, Magret anaona ana ake awiri ali pa mpanda. Anagwira dalaivala pamkono.

"Achimwene, imbani hutala. Imbani kwambiri, aone kuti amayi awo akupita kuntchito."