Mwini Maliro a ku Kitsiyatota

Pulogalamu yanga pa wailesi ya mpingo inkamveredwa ndi anthu omwewo amene ndinkakhala nawo benchi limodzi Lamulungu. Wailesiyo inali yomvera pa foni, situdiyo yake kachipinda kuseri kwa tchalitchi chathu ku Aerodrome, m'tauni ya Bindura. Abusa ankati tikusaka otayika, koma oimba foni onse anali opulumuka kale, ongofuna kunena ameni ndi kupereka moni kwa azilamu awo. Zinkanditopetsa, sindibisa.

Tsiku lina mayi wogulitsa chakudya kwa makorokoza, anyamata okumba golide ku Kitsiyatota, anandipeza pa geti. Anati mdala wina wamwalira kumeneko, thupi lili kumochale, ndipo m'bale palibe. Mdalayo anachoka ku Dedza ali mnyamata, anali wa gule wamkulu, m'tchalitchi sanapondemo. Pakapanda womutenga, akanaikidwa ngati munthu wosadziwika, popanda womulira.

"Sisi, inu mumayankhula pa redhiyo," anatero mayiyo, akusakaniza ndi Chishona. "Taurai chete, ingolengezani basi, mwina wina amva."

Ndinali nditakonza ulaliki, koma ndinauika pambali. Masiku onse ndinkalalikira m'Chishona, poti Chichewa changa n'chotolera kukhitchini kwa amayi. Tsikulo ndinalimba mtima. Ndinalengeza malirowo monga ankachitira akuluakulu pa komboni ya mgodi ndili mwana: ndinayamba ndi kupepesa, ndinatchula kwawo kwa malemu, kenako ndinapempha adzukulu, anthu osakhala achibale amene kwathu amakumba manda ndi kunyamula maliro. Sindinauze aliyense kuti alape.

Mkulu wina wa mpingo anandidikirira pakhomo nkhope itachita mdima. "Wailesi ya Mulungu yasanduka ya anthu a zilombo?" Ndinapsa mtima. Ndinamuyankha kuti wagona kumochaleyo sanadzilenge yekha.

Tili mkati mokangana, foni ya situdiyo inalira. Anali mawu achilendo, okhuthala, a munthu amene wina anamutumizira chilengezo chija. Anangofunsa kuti manda akumbe kuti. Wotsatira anali gogo wa papulazi cha ku Musana. "Ine ndine Msilamu, mwanangu, koma nsalu ndibweretsa." Foni sinapumenso mpaka ndinasasa mawu.

Tsiku loika, makorokoza anabwera pa njinga ndi mapiki awo a kumigodi, matope ali m'miyendo. Manda anawakumba msanga, poti nthaka ya Bindura amaidziwa. Adzukulu amakhala ndi ufulu woseka anamfedwa, ndiye posowa wachibale anagwira ine. Anaseka Chichewa changa, anandilanda mpango, anati sindiuona mpaka ndiwaphere nkhuku. Ndinaseka misozi ili m'maso, chifukwa manda anali atadzaza ndi anthu amene misonkhano yathu ya chitsitsimutso inalephera kuwakoka.

Bokosi linatsitsidwa m'manda. Mdala wina wa gule, mnzake wa malemu, anandiloza ndi ndodo.

"Iwe wa pa wailesi, wolengeza maliro ndiye mwini wake. Bwera uponye dothi loyamba."

Ndinaponya dothilo. Ndinkabwerera m'mbuyo pamene anandigwira mkono.

"Usathawe. Mnzathuyu sanapempherepo. Muuze Mulungu wakoyo kuti akubwera, ife tikumvera."

Amuna onse aja anavula zipewa, ndipo ndinapemphera m'Chichewa.