Tinamusiya Layisoni pa Njanji

Usilikali ndinaupeza pa boma ku Chiradzulu. Anatiyeza chifuwa ndi tepi, natithamangitsa kuzungulira bwalo, ndipo amene sitinagwe tinakwera lole. Nthawiyo sindinkadziwa kulemba, ndaphunzira ndili ndi imvi kale. Ndinakwera limodzi ndi Layisoni, mnzanga wa ku Mbulumbuzi.

Nkhondo ya ku Mozambiki itakula, anatitumiza kukalondera njanji. Awirife tinkayenda patsogolo pa sitima kufufuza mabomba okwirira. Kachitsulo kosongoka umakalowetsa m'miyala mopendeketsa, osati choimika. Mwala ukaonetsa mbali yonyowa kumwamba, ndiye kuti wina waugwira posachedwa.

Tsiku lina masana, Layisoni anaponda bomba. Utsi usanathe, zipolopolo zinayamba kuchokera m'tchire. Ndinathawira pansi pa bogi ya sitima. Layisoni anali moyo, mwendo wapita, akundiitana dzina.

"Bwana, ndikamutenge," ndinatero kwa a Kaputeni, mkulu wa gulu lathu.

"Kwera, iwe! Bogi yachitatu yadzaza mafuta. Ukufuna tipse tonse?"

Analamula sitima ibwerere m'mbuyo. Ndinakwera. Titabwererako m'mawa mwake, sitinamupeze.

Ku Mbulumbuzi anaika thunthu la nthochi m'bokosi, monga timachitira mtembo ukasowa. A Kaputeni anabwera atavala nyota za udindo wawo pamapewa. Anaimirira pamanda n'kuuza anthu kuti Layisoni anafera pomwepo, sanamve ululu.

Mafuta aja ndimawamvetsa. Mwina inenso ndikanalamula zomwezo. Koma bodzalo linandiwotcha, ndipo ndinafuna kuti munthu ameneyu achite manyazi pamaso pa mudzi wonse. Ndinaimirira osapatsidwa mpata.

"Akunama awa! Tinamusiya akuitana. Anenetu okha amene analamula."

A Kaputeni sanatsutse. Anavula chipewa, ndipo sindibisa, mtima wanga unakondwa. Mpaka lero sindinawakhululukire, ndipo ndimapemphera kuti mawu a Layisoni aziwadzutsa monga amandidzutsira ine.

Koma amene anagwa pansi si iwo. Anali mayi ake a Layisoni. Atawadzutsa, anandigwira malaya.

"Mwananga, ankaitana ndani?"

Ndinawauza kuti ankaitana ine.

"Nanga iwe unali kuti?"

Chimene ndinatola pa ntchito ija n'chakuti wolamula kuti munthu asiyidwe azikanena yekha kwa make, mosabisa. Akabisa, wina adzanena mokwiya, ndipo zidzagwera wosalakwa. Mayi aja anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ndipo tikakumana pamsika, ankatembenukira kumbali.