Sefa Imene Bambo Sanaikhulupirire

Banja langa litatha ku Luchenza, ndinabwerera kwathu kwa Nchilamwela ndi mwana kumsana. Ndinalembedwa ntchito yotchola tiyi pa esiteti imene inachita malire ndi munda wa amayi. Mwanayo anali wamkazi, atangoyamba kuyenda, ndipo masana ankatsala ndi agogo ake ine ndili m'mizere ya tiyi ndi dengu. Madzi akumwa tinkatunga kukhwawa, kumunsi kwa mabulugama a kampani. Kumtunda kwa khwawa lomwelo n'kumene anthu a m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti, ankachapira ndi kusamba. Mvula ikagwa madziwo ankabwera ofiira, ndipo tinkawasiya mumtsuko kuti matope akhale pansi tisanamwe.

Mwana wanga ankatsegula m'mimba kawirikawiri. Akachira mwezi uno, mwezi wamawa zayambiranso. Ku sikelo, pa chipatala chaching'ono cha pa esiteti, muvi unkangoima pamodzimodzi.

Nthawi imeneyo kunali kutabwera mlangizi wa zaumoyo watsopano, mwamuna wamtali wochokera kumpoto, amene Chichewa chake chinkamveka kuti si cha kwathu kuno. Tsiku lina sikelo itatha anatiuza amayi ena, amene ana athu sankakwera, kuti titsale. Anatulutsa ndowa za pulasitiki ziwiriziwiri zosanjikiza, ya pansi ili ndi kampopi. M'kati mwa ndowa ya pamwamba munali chinthu choyera, cholimba ngati mbale yadothi, chimene iye ankachitcha kandulo. Anathira madzi akuda pamwamba, ndipo titadikira, kumpopi kunayamba kutuluka madzi oyera mbee. Anati iyi ndi sefa ya madzi, yopepuka, munthu akhoza kuisenza kupita nayo kumunda kapena kumaliro. Anati yachokera ku bungwe lina lothandiza, ndipo aliyense wa ife atenge yake.

Palibe amene anaombera m'manja. Panali pasanapite nthawi yaitali chichokereni mphekesera za anamapopa, zoti kukuyenda anthu opopa magazi, ndipo mlendo aliyense wobwera ndi katundu wachilendo tinkamuyang'ana kawiri. Tisanafike n'komwe pa msewu waukulu, mayi wina wa m'malaini anali atayamba kale kunena kuti mu kandulomo muli mankhwala otseka chiberekero. Anati boma latopa ndi kuchuluka kwathu. Awiri anatulutsa makandulo awo n'kuwaponya m'tiyi, n'kupita ndi ndowa zokha. Ine ndinafika nayo kunyumba yathunthu, koma ndinaisenza mtima uli m'mwamba, chifukwa nanenso sindinkadziwa chimene ndanyamula.

Bambo anga ndinawapeza akunola chikwanje pakhonde. Iwo anagwira ntchito yodulira tiyi pa esiteti yomweyo mpaka msana unakana, ndipo akakwiya ankasiya Chichewa n'kuyamba Chilomwe. Anamvetsera zonse osandidula. Kenako anatsegula ndowa ija, ananunkhiza kandulo, anaigogoda ndi chikhadabo, anaiika kukhutu.

"Wakupatsa ndani?"

"Alangizi a kuchipatala, bambo."

"Iwowo awapatsa ndani?"

"Akuti bungwe."

"Bungwelo lakudziwira kuti iweyo? Linakuonera kuti?"

Anati chiyambire unyamata wawo, chinthu chilichonse chimene chinatsika kuchokera kumtunda kwa esiteti chinabwera ndi chingwe chake, kaya ndi jombo, kaya ndi phala la masana. Ndinawauza kuti iyi si ya kampani. Anati nyumba imene ndaitengamo ndi ya kampani, ndiye kwa iwo n'chimodzimodzi.

"Mdzukulu wanga asamwe madzi amenewa mpaka nditaona ndekha," anatero.

Kuona kwake kunali kotere. Anagwira tambala wathu wofiira n'kumumanga mwendo ndi luzi pamtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. M'mawa uliwonse ankapita okha kukhwawa, n'kuthira madzi mu sefa, n'kukhala pampando kudikira kuti adonthe. Madzi oyerawo ankawathira m'phale n'kumupatsa tambala. Nkhuku zina zikayandikira ankazigenda. Anthu odutsa ankafunsa ngati tambalayo walakwa mlandu, bambo n'kungoti ali pa ntchito.

Ine ndinkayesetsa kuwiritsa madzi a mwana, koma nkhuni kwathu n'zosowa. Mitengo yonse yoyandikira ndi ya kampani ndipo ili ndi alonda. Mapesi ndi mitengo ya nandolo zikatha, amayi ankangomupatsa mwana madzi a mumtsuko, sefa ili pomwepo pakhonde ikudontha madzi a tambala.

Tambalayo sanafe. M'malo mwake ananenepa, popeza ankadya gaga ali pamthunzi osayenda. Ndinaganiza kuti nkhani yatha, koma bambo anapukusa mutu. Anati palibe amene ananena kuti mankhwalawo amapha. Anthu akunena kuti amatseka kubereka. Choncho anamanga kakhola ka nsungwi, n'kuikamo tambala uja ndi msoti umodzi umene unali usanaikirepo. Onse awiri ankamwa madzi osefa. Tinayenera kudikira kuti msotiwo uikire, ufungatire, ndi kuswa.

Ndisaname, inenso ndinkapita kukasuzumira m'kholamo. Ndinali ndi mwana mmodzi yekha ndipo ndinali ndikadali wamng'ono. Kumunda wa tiyi nkhani inali itakula. Ena ankati mayi wina wa ku Masambanjati anamwa madzi a mu sefa ndipo mimba inachoka. Ukafunsa kuti mayiyo ndani, aliyense ankati anamva kwa mlamu wake. Komabe ukamva chinthu tsiku ndi tsiku uli wowerama m'tiyi, chimakulowa.

Msoti unaswa. Anapiye anatuluka ambiri, koma mazira ena anatsala osukusa. Bambo anawatola, anawagwedeza pafupi ndi khutu, n'kuwaika pansi mosamala ngati umboni wa pabwalo la milandu.

"Awa bwanji sanaswe?"

Amayi anayankha ali chogwada pa mphasa akusankha nandolo. "Abambo ake, chikwatiranireni ine ndi inu, munaonapo nkhuku yoswa mazira onse?"

Bambo anayankha m'Chilomwe, ndipo amayi anabwezanso m'Chilomwe, mpaka anthu a nyumba yoyandikana anatuluka kudzaona. Tsikulo linatha popanda chigamulo.

Mvula yoyamba itagwa, mwana anadwalanso, ulendo uno kwambiri. Maso analowa m'kati, liwombo linaphwa. Ndinajomba kuntchito n'kuthamanga naye kuchipatala. Anamupatsa madzi a mchere ndi shuga pang'onopang'ono ndi supuni mpaka anayamba kulira mokweza, ine mtima n'kukhalako pansi. Mlangizi uja anabwera pabenchi pamene ndinakhala.

"Mayi, sefa ija mukugwiritsa ntchito?"

Ndinamuuza zoona zokhazokha, za tambala, za msoti, za mazira osukusa. Ndinkayembekeza kuti aseka kapena akalipa. M'malo mwake anati, "Kawauzeni madala abwere kunyumba kwanga Lamulungu akaweruka ku tchalitchi. Osati kuno, kunyumba."

Bambo poyamba anakana. Anati munthu wofuna kukupusitsa amayamba n'kukuitanira tiyi. Koma ataona mmene mdzukulu wawo anafookera, Lamulungu anavala jekete, n'kundiuza kuti ndisenze sefa yathu ndiwatsate.

Nyumba za aphunzitsi, makalaliki ndi anthu a kuchipatala zinali pamtunda, za njerwa zofiira, zozunguliridwa ndi maluwa. Ine ndinali ndisanalowepo m'nyumba zimenezo. Mkazi wa mlangiziyo anatilonjera mwaulemu n'kutipatsa mipando. Pakona ya pabalaza, pa tebulo lophimba nsalu, panali ndowa ziwiri zosanjikiza zofanana ndi zathu. Mwana wawo wamng'ono analowa akuthamanga, anatsegula kampopi, anamwa, n'kutulukanso osatiyang'ana n'komwe.

Bambo anamuyang'ana mwanayo mpaka anatuluka. Kenako anadzuka osapempha, n'kupita pawindo. Kuseri kwa nyumbayo kunali mpopi weniweni wachitsulo, mtsikana wantchito akutsukirapo mbale.

"Achimwene, uwo ndi mpopi?"

"Inde, bambo."

"Madzi amatuluka tsiku lililonse?"

"Masiku ambiri. Koma amachokera ku damu, n'chifukwa chake ifenso timawasefa."

"Ndiye paipi imeneyi inakwera phiri lonseli kufika kuno, koma yalephera kutsika kufika kwathu? Madzi kutsika savuta. Inu akupatsani paipi, ife mwatipatsa chidebe choti tizisenza. N'chifukwa chiyani?"

Ine ndinachita manyazi, koma ndinkafunanso kumva yankho lake. Mlangiziyo sanazembe. Anati funso limenelo ndi labwino ndipo iye alibe yankho, chifukwa mapaipi si a chipatala. Anati iye anabwera kuno ngati mlendo wolembedwa ntchito, nyumba anaipeza ili choncho, ndipo chimene anapatsidwa kuti agawe ndi ndowa zimenezi basi. Anatinso anthu amene anatumiza ndowazo sanawaonepo maso ndi maso.

"Ndiye inunso simukuwadziwa," anatero bambo, ngati munthu amene wapeza chimene ankafuna.

"Sindikuwadziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ana anga amamwa, ndipo m'mimba mwawo muli bwino."

Bambo anakhala pansi. Kenako analoza ndowa ya patebulo ija.

"Ngati n'zofanana, tisinthane. Kandulo yanuyo ipite kwanga, yangayi itsale kuno."

Mkazi wa mlangizi anakwinya nkhope. Anati yawo ndi yosamalidwa bwino, ndipo sakudziwa kuti yathu yadutsa m'zotani. Anali ndi chifukwa, poti yathu inali itakhala pakhonde pakati pa nkhuku. Mwamuna wake anamuyankhula motsitsa mawu m'chiyankhulo cha kwawo. Kenako anadzuka, anamasula kandulo yawo, anatsuka yathu bwinobwino, n'kuimanga m'ndowa yawo ife tikuona. Anathiramo madzi. Bambo anakana kunyamuka mpaka madzi atadontha okwana kapu, ndipo mlangiziyo anamwa theka, theka linalo anapatsa mkazi wake. Mayiyo anamwa akutiyang'ana ndi diso loipa.

Pobwerera bambo anaima titafika pa mabulugama. Pamenepo anati, "Mwanayo azimwa. Iwe uyambe wadikira kaye."

Sindinadikire, ndipo iwo anadziwa koma sanandiletse. Mwana wanga anayamba kumwa madzi osefa tsiku lomwelo. Sindinganene kuti sanadwalenso, chifukwa mwana woyenda amatola chilichonse n'kuika m'kamwa, koma kutsegula m'mimba kwa mwezi ndi mwezi kuja kunaleka, ndipo ku sikelo muvi unayamba kusuntha. Nthawi yokolola ndinkasenza sefayo kupita nayo kumunda wa amayi, n'kuiika pamthunzi wa nthochi. Amayi ena a m'malaini anayamba kubwera ndi mabotolo kudzapempha madzi a ana awo, koma ankadzera kuseri kwa nyumba kuti anzawo asawaone. Mmodzi mwa iwo anali uja anayambitsa nkhani ya chiberekero.

Bambo okha sanalaweko ngakhale dontho. Ankati madzi opanda fungo la dothi sathetsa ludzu, ndipo ankamwa a mumtsuko monga kale. Komanso sanasiye kufufuza. Akakumana ndi munthu wa kumtunda ankafunsa za banja la mlangizi, ngati onse ali bwino, ndiponso kuti mayi a kunyumba akuoneka bwanji. Atamva kuti mayiyo ndi woyembekezera, anangoti, "Chabwino. Tione kaye mwanayo akabadwa." Mwanayo asanabadwe, mlangizi anasamutsidwa kupita ku boma lina, ndipo bambo ananena kuti kusamuka kwadzidzidzi koteroko kuli ndi chifukwa chake.

Kandulo ija tinkaitsuka ikatsekeka ndi matope, ndipo ikatsukidwa inkaperepeseka pang'onopang'ono. Tsiku lina amayi akuitsuka inachita mng'alu, madzi n'kuyamba kudutsa ofiira monga analowera. Ndinapita kuchipatala. Mlangizi watsopano anati za masefa sakuzidziwa, zinali za amene anachoka, ndipo bungwe lija linamaliza ntchito yake. Nditawauza bambo anagwedeza mutu mokhutira.

"Ndinanena ine. Amakuzoloweza chinthu, kenako n'kusowa."

Koma m'mawa mwake ndinawaona akukulunga kandulo yosweka ija m'kansalu, atavala jekete. Ndinawafunsa kumene akupita, anati kukaona munthu. Anakwera minibasi kupita ku boma, ndi msana wawo wovutawo. Anabwerako dzuwa litapendeka, fumbi lili m'miyendo, kansalu kali m'manja momwemo. Anali atalowa m'sitolo iliyonse ya zitsulo ndi ya ziwiya. Wina anawauza kuti ndi chitsulo cha galimoto, wina anati akayese ku Limbe, wina anawafunsa ngati si zamankhwala.

Anakhala pakhonde n'kuvula nsapato. Mdzukulu wawo anabwera kudzatsamira pa bondo lawo.

"Ku Limbe ndipita mwezi ukatha," anatero. "Pakali pano madzi a mwanayu muziwiritsa. Nkhuni ndikazipeza ine, alondawo ndimawadziwa makolo awo."