Sunthani Pang'ono, Achemwali

Tsiku limene ntchito inamuthera, Katsache anali atagwada pakati pa njanji, tsache kudzanja lamanja, ngowe yachitsulo kudzanja lamanzere. Inu amene mukuwerenga muli ndi mtima wosweka, gwadani naye kaye pamenepo, chifukwa nkhani yake ikuyambira pafumbi.

Dzina loti Katsache anamupatsa ndi anzake apantchito. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankasesa pamphambano za njanji, pamene sitima imapatukira kunjira ina. Pamenepo pakadzaza matope kapena zotayika m'mabogi, zitsulo zimakana kusuntha. Ntchito yake inali kutokosa ndi ngowe, kusesa, kutokosanso. Ngoweyo inali ya malemu bambo ake, amene anagwira ntchito yomweyo mpaka msana unapindika. Sukulu inamukana mtsikanayu, mayeso omaliza analephera kawiri, koma mphambano iliyonse ankaidziwa ngati khomo la kwawo.

M'mawa umenewo kunafika chilombo. Inali galimoto yaikulu, thanki kumbuyo, chipayipi chakuda chili lende pamwamba ngati chitamba cha njovu. Inabwera pamsewu ngati lole wamba. Itafika pamene msewu umadutsa njanji inakhota, inabwerera m'mbuyo, inatsitsa timawilo tachitsulo timene inabisa kumimba, n'kuyamba kuyenda panjanji ngati sitima. Kapitawo anati aichita hayala kukampani yobwereketsa magalimoto otere, ndipo imabwera ndi dalaivala wake.

Dalaivalayo anatsika. Anali wamtali, wa kachipsera pachibwano, maso ake othawathawa. Anamuyang'ana Katsache kanthawi, kukamwa yasa ngati ali ndi zambiri zoti anene, koma panatuluka mawu atatu okha.

"Sunthani pang'ono, achemwali."

Anasuntha. Chitamba chija chinatsika n'kuyamba kuyamwa matope, mchenga, miyala, zonse kulowa m'thanki. Ntchito imene gulu lawo linkagwira sabata yathunthu inatha dzuwa lisanafike pamutu. Pofika masana kapitawo anawauza, maso ali pansi, kuti mawa asavutike kubwera.

Kunyumba anapeza mayi ake akusoka pakhonde monga mwa masiku onse. Ataona nkhope ya mwana wawo anaimitsa makina, anamusendezera mpando, n'kumusiya alire mpaka misozi inaphwa. Atamva zonse anati:

"Ndiye njovu yadya munda, mwanawe. Lero lira. Mawa ukaone kumene imagona."

Anapitadi, koma chimene chinamutengera kumeneko unali mkwiyo. Ankafuna kungochiona chinthu chimene chinamulanda tsache. Pabwalo la kampaniyo panali magalimoto asanu a zitamba atandandalika, ndipo mwini wake, mayi wa magalasi amene onse ankangomuti Abwana, anamufunsa ngati wabwera kudzabwereka kapena kudzatukwana. Katsache anati wabwera kudzafuna ntchito. Mawuwo anamudabwitsa iye mwini.

Ntchito inalipo imodzi, imene palibe ankakhalitsapo: kutsuka m'mathanki. Galimoto ikabwerako ku hayala, munthu ankalowa m'mimba mwake ndi fosholo ndi payipi ya madzi. Munali mdima, fungo, matope mpaka m'makutu. Mayi ake ankaseka kuti anabereka mwana wamkazi, koma madzulo pakhomo pawo pamafika chulu choyenda.

Chaka chitatha anayamba kumutumiza kuntchito kukagwira kukamwa kwa chitamba. Kumeneko anaphunzira kuti payipi ili ndi mawu. Miyala imalira mokhadzula, matope amabwibwinyika, ndipo ikayandikira chinthu chimene si mwala si dothi, imayamba kuimba kamluzu. Madalaivala ankayang'ana mawotchi a pagalimoto. Iye ankamvetsera.

Ankapita ndi dalaivala aliyense kupatula wamtali uja. Wamtaliyo akamupatsa moni, Katsache ankayankha ndi mphuno. Zaka ziwiri zinatha chonchi.

Anaphunzira kuyendetsa lole, chiphaso anachipeza. Koma kuti munthu akweze galimoto panjanji pankafunika mayeso ena, oyesedwa ndi mkulu wochokera kwa eni njanji, ndipo lamulo linali loti munthu ayese katatu kokha. Ukalephera kachitatu, khomo limenelo latsekeka mpaka kalekale.

Koyamba anatsitsa timawilo molakwika, kena panjanji, kena pamiyala, galimoto n'kupendekeka ngati woledzera. Kachiwiri injini inamuzimira kawiri, nthawi n'kumuthera. Njanji amaitseka kwa mphindi zowerengeka, poti sitima sidikira munthu. Anabwerera ku mathanki ake ali ndi mwayi umodzi wokha, ndipo mumtima anali ataganiza zoti asaugwiritse ntchito n'komwe, kuopa kuutaya.

Apa ndi pamene chinsinsi chinayambira.

M'mawa wotsatira, akuvala jombo zake m'kachipinda kosinthira, phazi lakumanzere linagunda kanthu. Kanali kapepala kopindidwa kanayi. Panalibe dzina, panalibe mawu. Panali kanjovu kojambulidwa ndi pensulo, kakubwerera m'mbuyo kukwera njanji. Diso lake silinkayang'ana mapazi. Kamuvi kankachoka padisopo, kudutsa pagalasi lam'mbali, kukaloza njanji kutali.

Mawa lake munalinso kena. Kanjovu kakutsitsa timawilo takumbuyo poyamba, takutsogolo pambuyo. Tsiku lina kanali ndi miyendo yonjenjemera, kataima kaye n'kumamwa madzi. Katsache anaseka yekha mpaka mlonda anasuzumira pakhomo.

Ndani? Anaganizira makaniko, koma zala zake sizikanasiya pepala loyera chonchija. Anaganizira Abwana, koma iwo ngakhale mzere wowongoka unkawavuta. Anapanikiza mlonda, amene anati ntchito yake n'kulonda magalimoto, za jombo za anthu sizim'khudza, koma masharubu ake ankagwedera ndi kuseka. Katsache anayesa kulawirira, koma ankapeza kapepala kafika kale.

"Jombo yako yayamba kuikira mazira," anatero mayi ake, akukhuthula mabatani m'chitini kuti mwana wawo asungiremo timapepalato. "Usawaswe ndi mafunso. Dikira tione chimene chidzatuluke."

Timapepala tinafika makumi atatu. Nthawi yopuma masana, anzake akudya, iye ankapita pakanjanji kakafupi kophunzirira kumapeto kwa bwalo. Kukwera, kutsika, kukweranso. Nthawi zina ankadzipeza akulingalira dzanja limene linkajambula makutu a kanjovuko mosamala chotere, ndipo nkhope inkamutentha popanda womuona.

Tsiku la mayeso achitatu, magalimoto onse anali atapita ku hayala kupatula imodzi, ya dalaivala wamtali. Dalaivalayo anamupatsa makiyi, n'kukaima chapatali ndi mbendera yofiira, poti lamulo silinkalola kuti athandize. Mvula inali itagwa masiku atatu, ndipo mphambano yoyeserapo inali itamira m'matope. Inali imodzi mwa mphambano zake zakale zija.

Atakhala pachiwongolero, dzuwa lam'mawa linamulasa m'maso. Anatsitsa chotchingira dzuwa, ndipo pepala linagwera pamiyendo pake. Linali lakale, lofiirira, m'mbali mwake mutatha. Panalibe kanjovu. Panali mtsikana atagwada pakati pa njanji, tsache kumanja, ngowe kumanzere, tsitsi litatuluka pang'ono mu duku. Pensulo yake inali yomweyo. Dzanja lake linali lomwelo.

Anayang'ana pagalasi. Kutali, munthu wa mbendera anali atazyolika ngati wataya kanthu pansi.

Mkulu woyesa anagogoda pachitseko n'kuloza wotchi yake. Katsache anapinda pepalalo, analiika m'thumba la pachifuwa, n'kuliza injini. Anabwerera m'mbuyo maso ali panjanji yakutali. Timawilo takumbuyo tinakhala. Takutsogolo tinakhala. Galimoto inaima chilili ngati inabadwira pomwepo.

Kunatsala kuyamwa matope. Woyesa anatambasula mapu ake n'kunena kuti pansi pamenepo palibe waya aliyense, ayamwe mosaopa. Katsache anatsitsa chitamba. Matope anabwibwinyika, miyala inakhadzula. Kenako, chapansipansi, payipi inayamba kamluzu.

Anazimitsa.

Woyesa anamukumbutsa kuti kwatsala mphindi khumi, ndipo akapanda kumaliza walephera. Katsache anadziwa bwino tanthauzo lake: mathanki moyo wake wonse. Akanatha kungomvera mapu, mlandu sukanakhala wake. Koma kamluzu kaja kanali kadakalira m'mutu mwake.

"Bwana," anatero mwaulemu, "pepala lanulo silinagwadepo pano. Ine ndinagwadapo zaka zisanu ndi chimodzi."

Anatenga ngowe ya bambo ake, imene anaiika kuseri kwa mpando m'mawa uja, n'kugwada m'matope. Anatokosa pang'onopang'ono, kupalasa ndi zala, kutokosanso. Mphindi zinayi zinapita. Pansi pa mtanda wa njanji panaoneka chinthu chakuda, chonenepa ngati chala chachikulu. Anali waya wa magetsi olondolera sitima, amene anakwiriridwa kale ndipo palibe anakumbuka kumulemba pamapu. Chitamba chikanapitiriza, chikanamuzula.

Woyesa anavula chipewa, n'kuchivalanso. Katsache anasesa ndi manja mozungulira wayayo, kwinako n'kumaliza ndi payipi, ndipo anachotsa galimoto panjanji kutatsala mphindi imodzi. Mkuluyo analemba nthawi yaitali, choyamba pamapu ake, kenako papepala la mayeso.

"Mwakhoza, mayi," anatero. "Ndipo ngowe imeneyo musadzaitaye."

Atasainirana mapepala, Katsache anapeza dalaivala wamtali atakhala kale pachiwongolero mwachizolowezi, kuti abweze galimoto kubwalo. Anatsegula chitseko, anatulutsa pepala lija, n'kulitambasula pamaso pake. Mwamunayo anayang'ana chiwongolero, anayang'ana denga, anakanda kachipsera kake. Pomaliza anavomera kuti anajambula madzulo a tsiku lija limene anamuuza kuti asunthe.

"Ndinkafuna kupepesa. Ndinkafuna kunena zambiri, koma pakamwa panga panandipereka. Kuyambira pamenepo ndimapaopa. Pensulo ndiye sichita chibwibwi."

Katsache anamuyang'ana, matope akuuma m'mawondo mwake. Zaka ziwiri za moni wa mphuno zinamuchititsa manyazi, koma kuseka kunali kutafika kale pakhosi.

"Sunthani pang'ono, achimwene."

Anasuntha. Katsache anakwera, analiza injini, ndipo njira yonse yobwerera anayendetsa pang'onopang'ono kuposa mmene msewu unkafunira.

Lero a njanji akamaimba foni kudzachita hayala galimoto, amatchula kuti awatumizire mayi wa ngowe uja. Awiri mwa anzake akale osesa Katsache anawaitana kukampaniko, ndipo akuphunzira kumvetsera payipi. Timapepala tidakali m'chitini cha mabatani, ngakhale kuti masiku ano wojambulayo salowanso mozemba. Amafika pakhonde masana, chipewa m'manja, ndipo mayi ake a Katsache amamuyeza mapewa ndi maso kwinaku akunena kuti mazira a m'jombo aja aswa chinthu chachitali kwambiri.

Mwina nanunso pali chimene chakuuzani kuti musunthe. Sunthani, lirani tsiku limodzi, kenako mukaone kumene chimagona. Zaka zimene munagwada pafumbi sizinapite pachabe, tsiku lina zidzamva kamluzu kamene mapu sadziwa. Ngowe yanu musaitaye, ndipo mtima wanu musautaye.