Nsapato Zakumanzere za Achidendene

Achimwene anga anasoka nsapato zaka makumi anayi m'kachipinda kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa utoto. Ukalowamo, fungo la chikopa ndi guluu linkakulandira pakhomo. Anthu a mumsewumo ankawatchula kuti Achidendene, chifukwa ankayamba kuyang'ana kumapazi munthu asanamupatse moni. "Iwe, ukuyenda ngati bakha," ankatero. "Vula ndione." Ine mlongo wawo, amuna anga atandisiya, ndinkawapititsira chakudya masana n'kumakhala pakampando kuwaonerera akukoka ulusi ndi mano.

Chipatala cha boma ankadana nacho koopsa. Akazi awo, alamu anga, anatsirizikira kumeneko, pa benchi, akudikira kuitanidwa. Ndinkawakumbutsa kuti ana awo onse anabadwira komweko, ndiponso kuti ine anandichotsa ng'ala komweko osandifunsa kanthu, poti msonkho tinapereka kale tonse.

"Msonkho wakowo unagula mabenchi basi," ankandiyankha.

Chaka china mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito mu ofesi kutali, anawabweretsera khadi la inshuwalansi.

"Bambo, mukadwala muzipita kuchipatala cholipira. Kulibe mzere, ndipo mankhwala sakutha."

Anawawerengera malamulo ake. Khadilo liyamba kugwira ntchito pakapita miyezi isanu ndi umodzi, ndipo matenda amene munthu anali nawo kale asanalembetse, kampani silipira. Pa fomu panali funso loti, kodi mukudwala chilichonse? Achimwene anati ayi. Khadilo analikulunga m'kansalu n'kuliika m'bokosi la singano.

Mwezi wachiwiri ndinaona nsapato yatsopano pa shelefu, yakumanzere yokha, yopanda inzake. Mwezi wachitatu pambali pake panabwera ina, yotakatako pang'ono.

"Kasitomala wake ndani wa mwendo umodzi ameneyu?" ndinafunsa.

"Wolipira bwino. Usandisokoneze."

Koma ndinayang'ana pansi, monga ankachitira iwo. Phazi lawo lamanzere linali m'nsapato yaikulu kuposa lamanja. Ntchentche ziwiri zinkatera pa chingwe chake, akazithamangitsa n'kubwereranso.

Ndinatseka chitseko, ndipo anaulula. Anaponda msomali masabata awiri mwana wawo asanabwere ndi khadi lija, ndipo chilonda cha kuchidendene sichinapole. Phazi likatupa, ankasoka nsapato ina yolikwana, kuti anthu asaone.

"Tiyeni kuchipatala lero lomwe, achimwene."

"Kuti akalembe m'buku tsiku limene chinayamba? Akampani akawerenga, basi, khadi lafa. Mwana wanga wavutikira pachabe. Ndidikira. Tsiku likakwana ndikanena kuti chayamba dzana."

"Nanga mwendowo wamva kuti uyenera kudikira?"

"Iwe mlongo, unabadwa ndi pakamwa. Sichikundipweteka n'komwe."

Mawu amenewo ndi amene anandiopsa koposa. Ndinatsina chala chawo chachikulu ndi zikhadabo, iwo akuyang'ana kumbali, ndipo sanadziwe kuti ndawakhudza.

Anandilumbiritsa kuti ndisauze mwana wawo, ndipo ine, chitsiru chokalamba, ndinasunga pakamwa. Pakhoma panali kalendala, ndipo m'mawa uliwonse ankaboola tsiku limodzi ndi chisongole chawo chosokera. Fungo la m'chipindamo linasintha. Anayamba kusiya chitini cha guluu chosatseka kuti libisike. Wometa tsitsi uja anasuzumira tsiku lina n'kunena kuti, "Achidendene, mwafera khoswe muno, musakeni." Achimwene anaseka naye limodzi. Pa shelefu nsapato zinafika zisanu, zitandandalikana kuyambira yaing'ono, ndipo yomalizayo inali ngati ya chimphona.

Tsiku litakwana anavala jekete la ukwati wawo, tinapita kolipira. Kunalidi kokongola, pansi ponyezimira, mipando yofewa. Nsapato inakana kuvuka, mpaka adokotala anaidula ndi sizasi. Namwino anatsegula mawindo.

"Chayamba liti chilondachi, bambo?"

"Sabata yatha."

Adokotala anandiyang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi.

"Bambo, zala zada ngati makala. Ichi chatha miyezi yambiri. Muli ndi matenda a shuga, n'chifukwa chake simumva kuwawa. Sindingalembe bodza."

Kalaliki anaimbira foni kukampani, ndipo yankho silinachedwe: matenda akale. Anatibwezera khadi lathu mwaulemu, ndi manja awiri, pamodzi ndi kalata yopita nayo ku chipatala cha boma.

Tinakakhala pa mabenchi omwe aja. Anthu anali pikitipikiti, ana akulira, ndipo achimwene ankangoyang'ana pakona pamene anakhala alamu anga tsiku lija. Namwino wina wachikulire akudutsa anaima, n'kununkhiza.

"Ndani ameneyo? Agogo, inu? Bweretsani njinga ya odwala kuno, msanga!"

Nawonso anafunsa kuti chinayamba liti, ndipo ulendo uno achimwene ananena zoona. Kumeneko ankafunsa kuti adziwe podula. Anadula m'munsi mwa bondo. Adokotala a kumeneko anati tikanabwera mwezi woyamba, akanangotsuka n'kumanga. Mankhwala ena anali atatha, tinakagula tokha, ndipo achimwene sanalephere kundikumbutsa zimenezo.

Anabwerera kuntchito ndi ndodo. Nthabwala sanasiye. "Tsopano chikopa ndimagula theka," ankauza makasitomala. Mwana wawo analira kwambiri, nadziimba mlandu, ndipo posafuna kuti bambo ake adzakhalenso pa benchi, anawapezera kampani ina. Nayonso inati adikire miyezi isanu ndi umodzi.

Masana ena ndikuika chakudya pa tebulo, ndinaona kalendala yatsopano pakhoma, itabooledwa masabata atatu. Pa shelefu, kumapeto kwa nsapato zisanu zija, panali ina yonunkhira chikopa chatsopano, yakumanja. Ndinaiyeza ndi dzanja. Inali yotakata kuposa yakale ndi chala chimodzi.

Ndinatseka chitseko, ndinagwada pansi ngakhale mawondo anga ankakana, n'kugwira chingwe cha nsapato yawo.

"Achimwene," ndinatero, "vulani ndione."