Maswichi Ozondoka a ku Mlare

Magetsi atafika m'nyumba mwathu ku Mlare, ine ndi amuna anga tinasanduka ana. Tinkayatsa babu masana dzuwa likuswa mtengo, n'kumaliyang'ana, n'kumaseka popanda chifukwa. Apongozi anga, omwe tinkakhala nawo, anakokera mpando pafupi ndi fani n'kunena kuti kutentha kwa Karonga kwatha basi, aliyense asawasokoneze.

Anatiyikira mawaya anali malume a amuna anga. Ntchito ya magetsi anaidziwira kumgodi wa Kayelekera, ndipo mgodi utatsekedwa anabwerera kumudzi ndi bokosi la zipangizo komanso maganizo awoawo. Maswichi onse, ngakhale a pa soketi, anawaika mozondoka. Kusukulu kumene ndimaphunzitsa, ukadina pansi magetsi amayaka. Kwathu umayenera kudina m'mwamba.

Nditawafunsa, anandiyankha akupukuta manja. "Apongozi, inu mukadzuka mumapita m'mwamba kapena pansi? Magetsi nawonso amadzuka."

Tinaseka mpaka misozi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Lamulungu lina m'mawa ndinatereka mpunga wa kilombero pa hotipuleti yatsopano, wailesi ikulira pambali. Madzi asanawire, magetsi anazima. Belu la kutchalitchi linali litalira kale, choncho pofuna kuthimitsa ndinadina swichi ya pa soketi ya hotipuleti ndi ya wailesi monga dzanja langa linazolowera kusukulu. Koma apongozi, poona kuti magetsi apita, anali atathimitsa kale zonse bwinobwino. Ine podina m'mwamba ndinangoziyatsanso. Tinakiya chitseko n'kunyamuka.

Ulaliki uli mkati, ndinaona munthu pakhomo la tchalitchi akukupiza manja. Anali mayi woyandikana nafe, Msilamu wa ku Mangochi amene ali ndi golosale pamsewu. Sanafune kulowa, ndiye ankangodumphadumpha panja ataphimba kumutu, akuloza ine, kenako n'kuloza kumwamba. Abusa anaima kaye kulalikira. Mpingo wonse unacheuka.

Nditatuluka anandigwira dzanja. "Anzanga, m'nyumba mwanu mukutuluka utsi, komanso muli munthu akuwerenga nkhani za mpira."

Tinathamanga. Amuna anga anali patsogolo, mkanjo wa kwaya ukuuluka kumbuyo. Ine ndinavula nsapato n'kuzinyamula m'manja. Apongozi, amene amadandaula mawondo tsiku lililonse, anandipitirira pa mtengo wa mango akukuwa m'Chinkhonde kuti fani yawo ipulumutsidwe. Theka la kwaya linatitsatira, ena atatenga zidebe m'nyumba za anthu.

Moto panalibe. Mpunga unali utapserera kukhala khala, poto atabooka pansi, utsi uli tolo m'nyumba, wailesi ikulengezabe zigoli. Amuna anga anazula pulagi, n'kutuluka ndi poto uja atamugwira ndi mkanjo. Anthu a zidebe anayang'anizana, wina n'kuthira madzi ake pa poto kuti asabwerere nawo. Ndinakhala pansi pakhonde, ndikuseka mosaleka.

Mkangano unayambira pomwepo. Ena ankati swichi yozondoka imagwira anthu shoko. Mkulu wina wa kwaya, yemwenso ndi wa zamagetsi ku Uliwa, anatsegula soketi n'kuyesa mawaya ndi kachipangizo kake. Anati malume analumikiza zonse molondola, swichi ikudula bwino waya wa moto, palibe amene angagwidwe. "Vuto si waya ayi," anatero. "Koma kuno magetsi amazimazima. Akazima, munthu amadalira dzanja lake, ndipo dzanja silifunsa."

Malume anabwera madzulo ake atamva kale nkhani yonse kumsika. Anayang'ana poto uja nthawi yaitali, n'kupempha kuti awapatse akadzalemo tsabola. Kenako anatembenuza maswichi amodziamodzi, akung'ung'udza kuti dziko lonse ndi lozondoka kupatula iwo.

Atafika kuchipinda cha apongozi, anapeza mlongo wawoyo ataima pakhomo.

"Muno musakhudzemo, achimwene. Ine magetsi ndawadziwira pa swichi imeneyi. Mukufuna ndiyambirenso sukulu?"

Anaisiya momwemo. Tsikulo tinakadya kwa mayi wa golosale, amene anaphika mbalagha, nthochi zosakaniza ndi nyama ya mbuzi, ndipo anatifotokozera kangapo momwe abusa anamuyang'anira, nthawi iliyonse akuwonjezera kukula kwa maso awo.